Alonda a Mapiri a Moto

Chimanga chikayamba kukhwima m'minda ya m'mphepete mwa phiri, mwini munda amamanga chilindo naikamo mlonda. Mlondayo alibe mphamvu ya kutha anyani onse a m'phirimo. Ntchito yake ndiyo kupenya, kumvetsera, ndi kufuula nthawi ikadalipo. Iye akagona, chimanga chatha. Akafuula koma eni munda osadzuka, chimanga chathanso.

M'maiko ena muli alonda a mtundu wina. Iwo salonda nyama zotsika m'phiri, koma amalonda phiri lenilenilo, pakuti alipo mapiri amene amaphulika ndi kulavula moto. Palibe munthu amene angathe kuletsa phiri lotere. Chimene anthu aphunzira ndicho kuzindikira kuti latsala pang'ono kuphulika, kuti okhala pafupi nalo athawe. Nzeru imeneyi sinadze tsiku limodzi, ndipo anthu ambiri anafa isanapezeke. Mbiri yake ndi iyi.

PHIRI LA MOTO N'CHIYANI?

Pansi pa nthaka, kutali ndithu, n'kotentha kwambiri, kotero kuti m'malo ena miyala imasungunuka nikhala ngati phala. Madzi amawira pa madigiri 100, koma chiphala cha miyala chimatentha kuyambira madigiri 700 kufikira 1,200. Mkati mwa chiphalacho muli mpweya wambiri wopanikizika, monga umene umakhala m'botolo la thobwa losasa lotsekedwa kolimba. Popeza chiphala n'chopepuka kuposa miyala yochizinga, chimakwera pang'onopang'ono kufunafuna potulukira. Chikapeza njira, nthawi zina chimangoyenda ngati mtsinje wa moto. Koma chikakhala cholimba, ndipo mpweya uli wochuluka, chimaphulika mwamphamvu ndi kumwazika nichita phulusa.

Pa dziko lonse lapansi pali mapiri oposa 1,300 amene akhoza kuphulika. Ambiri a iwo amakhala chete zaka mazanamazana. Mitengo imamera, mitsinje imayenda, ndipo nthaka yake ndi yachonde chifukwa cha phulusa lakale. N'chifukwa chake anthu amakonda kulima ndi kumanga pafupi nawo. Agogo amene anaona moto amatha kufa, ndipo adzukulu amayesa kuti ndi phiri wamba.

CHILINDO CHOYAMBA

M'dziko la Italy, pafupi ndi mzinda wa Naples, muli phiri lotchedwa Vesuvius. M'chaka cha 79, Yesu atabadwa kale, phiri limeneli linakwirira mizinda ya Pompeii ndi Herculaneum. Zisanachitike izi nthaka inali kugwedezeka masiku angapo, koma anthu sanasamale, popeza zivomezi zinali zozolowereka m'dera limenelo.

Panapita zaka zambiri ndithu, ndipo m'chaka cha 1841 mfumu Ferdinand II inalamula kuti amange nyumba pa phiri lomwelo, yokhalamo anthu ophunzira za mapiri. Iyi ndiyo inali nyumba yoyamba pa dziko lonse yolonderamo phiri la moto. Mmodzi wa akulu ake, Luigi Palmieri, anapanga makina ozindikira kugwedezeka kwa nthaka m'chaka cha 1856. Nthaka ikangonjenjemera, ngakhale pang'ono posamveka ndi munthu, makinawo anali kuimitsa wotchi ndi kulemba chizindikiro pa pepala. Palmieri anaona kuti kunjenjemerako kunali kuchuluka phiri likayandikira kuphulika. M'chaka cha 1872 chiphala cha moto chinayenda pafupi ndi nyumbayo mbali ndi mbali, koma iye anakhalabe momwemo ndi kulemba zonse zimene anaona.

Komabe nyumba imeneyi inali imodzi yokha. Mapiri ena onse analibe mlonda.

MZINDA UMENE UNALIBE MLONDA

Kum'mawa kwa America, m'nyanja ya Caribbean, kuli chisumbu cha Martinique cholamulidwa ndi Afalansa. Kumeneko kunali mzinda wokongola wa Saint-Pierre, wokhala ndi doko, masukulu, matchalitchi ndi nyumba zochitira malonda a shuga. Pamwamba pake, mtunda wa makilomita 7, panali phiri la Pelée.

M'mwezi wa Epulo 1902 phirilo linayamba kufuka utsi. Fungo la sulufule linadzaza m'misewu. Phulusa linagwa pa madenga ndi m'minda, mbalame zinafa, ndipo nthaka inali kugwedezeka. Pa 5 Meyi matope otentha anatsika ndi mtsinje nakwirira fakitale ya shuga pamodzi ndi antchito amene analimo.

Bwanamkubwa wa chisumbucho, Louis Mouttet, anasankha anthu ophunzira kuti aweruze ngati mzinda unali pangozi. Koma pakati pawo panalibe wodziwa bwino za mapiri a moto. Iwo anali kuopa chiphala choyenda pansi chokha, ndipo anaganiza kuti zigwa zidzachitsogolera ku nyanja, kutali ndi mzinda. Nyuzipepala ya mumzindamo inalemba mawu olimbitsa anthu mtima. Ndiponso pa 11 Meyi panayenera kuchitika chisankho, ndipo maganizo a akuluakulu ambiri anali pamenepo. Anthu a m'midzi yozungulira anathawira mumzinda momwemo, poyesa kuti ndimo mopulumukira. Bwanamkubwa yemwe anapita kukagona komweko ndi mkazi wake pa 7 Meyi.

M'mawa mwake, pa 8 Meyi, cha m'ma 8 koloko, phiri linang'ambika. Sichinali chiphala choyenda pansi chimene chinatuluka, koma mtambo wakuda wa mpweya wotentha, phulusa ndi miyala. Mtambowo sunakwere kumwamba. Unatsetsereka ndi phiri mothamanga kuposa mphepo yamkuntho, ndipo m'mphindi zowerengeka unafika mumzinda. Makoma anagwa, sitima za padoko zinayaka, ndipo anthu pafupifupi 28,000 anafa, bwanamkubwa pamodzi nawo. Mwa owerengeka amene anapulumuka munali Ludger Sylbaris, mkaidi amene anatsekeredwa m'kachipinda ka miyala ka m'ndende, ndi Léon Compère, wosoka nsapato.

Phiri la Pelée silinabise kanthu. Linachenjeza anthu masabata angapo. Chimene chinasowa ndiye munthu wodziwa kumasulira zizindikiro zake.

MUNTHU AMENE ANAKAMANGA PA MLOMO WA PHIRI

Patapita masabata awiri kunafika mphunzitsi wa za miyala wa ku America, dzina lake Thomas Jaggar. Anayenda m'mabwinja a Saint-Pierre naona mitembo ndi anthu opserera m'chipatala. Zimene anaonazo zinasintha moyo wake wonse. Iye anazindikira kuti akatswiri anali kulakwa pa chinthu chimodzi: anali kuthamangira ku phiri litaphulika kale, monga munthu wofika pamaliro ndi mankhwala. Chofunika chinali kukhala pa phiripo masiku onse, pamene lili chete ndi pamene lakwiya, ndi kulemba zonse m'buku. Munthu wosadziwa mwana pamene ali bwino sangazindikire msanga kuti wayamba kudwala.

Jaggar anapita ku Japan, kumene katswiri wina, Fusakichi Omori, anali kuyesa zivomezi za m'mapiri ndi makina. Pambuyo pake anasankha phiri la Kilauea, pa zisumbu za Hawaii pakati pa nyanja ya Pacific, chifukwa linali kutulutsa chiphala kawirikawiri koma mosaopsa kwambiri. M'chaka cha 1912, atathandizidwa ndi ndalama za sukulu yake ndi za amalonda a ku Honolulu, anakhazikitsa nyumba yolondera pa mlomo penipeni pa phirilo. Anakumba chipinda cha pansi naikamo makina a zivomezi. Anayang'anira ntchitoyi kufikira 1940, ndipo ena akuipitiriza mpaka lero. Njira zambiri zimene alonda a mapiri amatsata zinayesedwa ndi kukonzedwa kumeneko.

ZIZINDIKIRO ZINAYI

Kodi alonda amenewa amayang'ana chiyani? Zizindikiro zazikulu zilipo zinayi.

Choyamba ndicho kugwedezeka kwa nthaka. Chiphala chikamakwera chimaswa miyala kuti chipeze njira, ndipo mwala uliwonse wosweka umachita kachivomezi kakang'ono. Makina akale oyesera zimenezi anali otere: chitsulo cholemera chinali kulendewera, chili ndi cholembera chokhudza pepala lokulungidwa pa mgolo wozungulira. Nthaka ikagwedezeka, mgolo unali kugwedezeka nayo, koma chitsulocho chinali kutsalira, motero cholembera chinali kujambula mzere wokhotakhota. Masiku ano makina amatumiza uthenga wake pa wailesi kupita ku kompyuta. Alonda amaika makina angapo kuzungulira phiri. Amene ali pafupi ndi posweka mwala amayamba ndiwo kumva, amene ali kutali amamva pambuyo, ndipo poyerekeza nthawizo akatswiri amadziwa malo ndi kuya kwake. Zivomezi zikamachuluka ndi kuyandikira kumwamba, ndiye kuti chiphala chili m'njira.

Chachiwiri ndicho kutupa kwa phiri. Monga chithupsa chimatupa chisanaphulike, phiri nalonso limatupa chiphala chikadzaza mkati mwake. Kawirikawiri kutupako n'kochepa, kosaoneka ndi maso. Njira ina yakale inali kuika timiphika ta madzi m'malo otalikirana ndi kutilumikiza ndi paipi. Mbali imodzi ya nthaka ikakwera, madzi anali kusendera mbali inayo, monga amachitira m'mbale yopendekeka. Makina a masiku ano angathe kuzindikira ngakhale ngati mtanda wotalika kilomita imodzi utakwezedwa milimita imodzi kunsonga kwake. Palinso masetilaiti, makina ozungulira dziko m'mlengalenga, amene amayesa nthaka imodzimodziyo mobwerezabwereza ndi kusonyeza pamene pakwera. Nthawi zina kutupako kumakhala kwakukulu. M'chaka cha 1980 mbali ya kumpoto ya phiri la St. Helens ku America inali kutupa pafupifupi mamita 2 pa tsiku. Boma linatseka misewu yopita kumeneko. Phirilo litaphulika pa 18 Meyi anafa anthu 57, mmodzi wa iwo David Johnston, mlonda amene anali pantchito yake m'mawa umenewo.

Chachitatu ndicho mpweya wa phiri. Chiphala chikayandikira kumwamba, mpweya wake umayamba kuthawa, makamaka mpweya wa sulufule. Kale akatswiri anali kukwera kukautapa m'mabotolo pa ming'alu, ntchito imene inapha ena a iwo. Pambuyo pake anapeza makina oyang'ana kuwala kwa dzuwa kupyola mu utsi. Mpweya wa sulufule umameza gawo lina la kuwalako, ndipo makinawo, atanyamulidwa pa galimoto kapena pa ndege yodutsa kunsi kwa utsi, amawerengera matani a mpweya amene phiri likutulutsa pa tsiku.

Chachinayi ndicho mbiri ya phirilo, imene inalembedwa m'nthaka. M'maphompho ndi m'magombe a mitsinje mumaoneka mizere ya phulusa ndi matope akale, wina pamwamba pa unzake. Makala a mitengo imene inapserera pa nthawiyo amayesedwa, ndipo amasonyeza zaka zimene zapitapo. Motero akatswiri amadziwa kumene moto unafika kale, ndipo amajambula mapu osonyeza midzi imene ili pangozi, pakuti mtsinje umabwerera m'khwawa lake lakale.

Chizindikiro chimodzi pachokha chikhoza kunyenga. Alonda amakhulupirira pamene zizindikiro zingapo zivomerezana, monga mlandu umene mboni zake zanena chimodzimodzi.

KUFUULA KULI NDI MTENGO WAKE

Ngakhale makina alipo, ntchito ya mlonda ndi yovuta. Chiphala chikhoza kukwera kenaka n'kuima panjira osatuluka. Izi zinaoneka m'chaka cha 1976 pa chisumbu cha Guadeloupe, pafupi ndi Martinique. Phiri la Soufrière linagwedezeka ndi kutulutsa nthunzi ndi phulusa. Pokumbukira za Saint-Pierre, boma linasamutsa anthu oposa 70,000. Anakhala kwina miyezi ingapo, minda ndi malonda zili zosiyidwa, koma kuphulika kwakukulu sikunachitike. Akatswiri anakangana poyera, ndipo anthu anataya chikhulupiriro mwa iwo.

Apa ndipo pali mfundo yolimba. Mlonda akafuula msanga, anthu amavutika pachabe ndipo mawa sadzamumvera. Akachedwa, anthu amafa. Ndipo wolamula kuti anthu asamuke si mlondayo, koma akuluakulu a boma, amene amaganizanso za chakudya, malo ogona ndi ndalama.

USIKU WA KU ARMERO

M'dziko la Colombia, ku South America, muli phiri lalitali mamita oposa 5,300, dzina lake Nevado del Ruiz. Pamwamba pake n'pozizira kwambiri, ndipo pali madzi oundana chaka chonse. Kumapeto kwa 1984 phirili linayamba kugwedezeka. Akatswiri a m'dzikomo ndi ena ochokera kunja anaika makina, ngakhale anali ochepa ndipo anafika mochedwa. Anawerenganso mbiri, napeza kuti m'zaka za 1595 ndi 1845 moto wa phiri unasungunula madzi oundanawo, ndipo matope anasefukira m'mitsinje napha anthu. Mzinda wa Armero unamangidwa pamwamba pa matope akale omwewo, pamene mtsinje wa Lagunilla utulukira m'mapiri.

Mu Okutobala 1985 akatswiri anatulutsa mapu osonyeza poyera kuti Armero ali panjira ya matope. Koma akuluakulu ena anati mapuwo ndi oopseza anthu chabe. Ena anafuna kuti auzidwe tsiku lenileni, chinthu chimene palibe katswiri akanatha kunena.

Pa 13 Novembala masana phulusa linayamba kugwa ku Armero. Anthu anauzidwa kuti akhazike mtima pansi ndi kukhala m'nyumba. Usiku, 9 koloko itangopitirira, phiri linaphulika. Kuphulikako kunali kwakung'ono, koma kunasungunula gawo la madzi oundana. Madziwo anasakanizika ndi dothi, miyala ndi mitengo natsika m'zigwa. Ku Armero kunali kugwa mvula, magetsi anazima, ndipo mauthenga a pa wailesi sanasanduke lamulo loti anthu athawe. Matope anayenda maola awiri ndi theka asanafike mumzinda. Nthawi imeneyo inali yokwanira kuti anthu ayende pansi kufika pa zitunda zapafupi. Koma ambiri anali m'nyumba zawo, ndipo usiku umenewo anafa anthu pafupifupi 23,000 ku Armero ndi m'madera ena.

Ku Saint-Pierre kunalibe wodziwa. Ku Armero odziwa analipo, ndi mapu omwe analipo, koma mawu anafera panjira. Akatswiri a maiko ambiri anamva chisoni ndi manyazi. M'chaka cha 1986 boma la America linakhazikitsa gulu la akatswiri okhala ndi makina onyamulika, okonzeka kupita msanga ku dziko lililonse limene lingawaitane. Ndiponso Mfalansa wina wojambula mapiri a moto, Maurice Krafft, anakonza kanema woonetsa anthu wamba mmene mtambo wotentha ndi matope zimaphera, pakuti anaona kuti munthu sathawa chinthu chimene sanachionepo.

PINATUBO

Mayeso a maphunziro onsewa anadza m'chaka cha 1991 m'dziko la Philippines, kum'mawa kwa Asia. Phiri la Pinatubo linali chete pafupifupi zaka 500. Linali ndi nkhalango, ndipo m'menemo munali kukhala anthu a mtundu wa Aeta. M'zigwa zozungulira munali mizinda ndi midzi yambiri, ndiponso bwalo lalikulu la ndege za nkhondo za America lotchedwa Clark.

Pa 2 Epulo nthunzi inaphulika m'mbali mwa phiri. Sisitere wina wogwira ntchito pakati pa Aeta anapita kukauza bungwe la boma loona za mapiri ndi zivomezi, limene mkulu wake anali Raymundo Punongbayan. Iwo anaika makina msanga, napeza kuti nthaka inali kugwedezeka kambirimbiri pa tsiku. Pa 23 Epulo kunafika gulu la ku America lija, lotsogozedwa ndi Chris Newhall, ndipo magulu awiriwo anagwira ntchito pamodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Anafufuza m'zigwa napeza kuti Pinatubo saphulika kawirikawiri, koma akaphulika amaphulika koopsa. Anajambula mapu. Anayesa mpweya wa sulufule: pa 13 Meyi unali matani 500 pa tsiku, koma pa 28 Meyi unaposa matani 5,000. Kenaka, kumayambiriro kwa Juni, mpweyawo unachepa mwadzidzidzi. Munthu wosadziwa akadakondwa. Koma alondawo anaona kuti zivomezi zinali kuchulukabe ndi kusendera kumwamba, ndipo anaganiza kuti njira ya mpweya yatsekeka, monga mphika wovundikiridwa uli pamoto.

Pokumbukira Armero, iwo sanakhale m'nyumba yawo kudikira kuti wina adzawafunse. Anakonza masitepe asanu a chenjezo, kuyambira 1 kufikira 5, kuti aliyense amve msanga kukula kwa ngozi. Anayendera abwanamkubwa a zigawo, akulu a asilikali, aphunzitsi ndi atsogoleri a midzi, nawaonetsa kanema wa Krafft. Ambiri amene anali kukayika anasintha maganizo ataona ndi maso awo. Krafft mwini wake sanamve za zipatso za ntchito yake, pakuti pa 3 Juni iye ndi mkazi wake Katia anaphedwa ndi mtambo wotentha pa phiri la Unzen ku Japan.

Pa 7 Juni chenjezo linafika pa 4, ndipo pa 9 Juni linafika pa 5. Anthu anasamutsidwa, poyamba okhala mkati mwa makilomita 10, kenaka 20, kenaka 30. Pa 10 Juni anthu pafupifupi 15,000 anachoka pa bwalo la Clark. Masiku amenewo alondawo sanali kugona, pakuti anadziwa kuti phiri likapanda kuphulika adzasanduka choseketsa. Pa 12 Juni linaphulika koyamba mwamphamvu, ndipo pa 15 Juni linaphulika kotheratu. Phulusa linakwera makilomita oposa 30 kumwamba, usana unasanduka usiku, ndipo mitambo yotentha inadzaza zigwa zimene mapu anasonyeza. Mpweya wa sulufule umene unafika m'mlengalenga unaziziritsa dziko lonse lapansi ndi pafupifupi theka la digiri kwa chaka ndi miyezi.

Tsoka lake, tsiku lomwelo kunadutsa namondwe. Phulusa lonyowa linalemera pa madenga, nyumba zinagwa, ndipo anafa anthu pafupifupi 300. Enanso mazana angapo anafa pambuyo pake ndi matope ndi matenda a m'misasa. Koma anthu pafupifupi 60,000 anali atachoka kale, ndipo akatswiri amawerengera kuti chenjezolo linapulumutsa miyoyo yosachepera 5,000. Kuphulika kwa Pinatubo kunali kwakukulu kwambiri kuposa kwa Nevado del Ruiz, koma akufa anali ochepa kwambiri. Kusiyana kwake kunali kwakuti mawu a mlonda anafika ndipo anamveka.

MAPIRI A MU AFRICA

Nkhani imeneyi si ya maiko a kutsidya kwa nyanja okha. Kum'mawa kwa Africa nthaka ikung'ambika pang'onopang'ono, ndipo mng'aluwo wapanga chigwa chachikulu mmene muli nyanja za Kivu, Tanganyika ndi Malawi. Akasupe a madzi otentha a ku Chiweta, Nkhotakota ndi Liwonde, ndiponso zivomezi zimene zinagwetsa nyumba ku Karonga mu Disembala 2009, zonsezi ndi za mng'alu womwewo. Kumpoto kwa Nyanja ya Malawi, m'dziko la Tanzania, kuli mapiri a moto a Rungwe, Ngozi ndi Kyejo. Phiri la Kyejo linatulutsa chiphala cha m'ma 1800.

Loopsa koposa m'chigwachi ndi Nyiragongo, m'dziko la Congo, makilomita osakwana 20 kuchokera ku mzinda wa Goma. Pakamwa pake nthawi zambiri pamakhala dziwe la chiphala chowira, ndipo chiphala chake n'chamadzimadzi, choyenda mothamanga. Pa 17 Januwale 2002 mbali ya phiri inang'ambika. Chiphala chinadutsa pakati pa Goma, chinakwirira gawo la bwalo la ndege, nichikalowa m'nyanja ya Kivu. Anthu oposa 300,000 anathawa, ambiri kuwolokera ku Rwanda, ndipo oposa 100 anafa.

Goma ali ndi nyumba yake yolondera phiri, ndipo ogwiramo ntchito ndi akatswiri a m'dziko lomwelo. Iwo agwira ntchito pakati pa nkhondo, makina awo akubedwa, ndalama zikusowa. Pa 22 Meyi 2021 phiri linang'ambikanso, ndipo nthawi iyi silinapereke zizindikiro zomveka kufikira patatsala nthawi yosakwana ola limodzi. Chiphala chinali kale pamwamba, ndipo sichinafunikire kuswa miyala yambiri kuti chituluke. Anafa anthu oposa 30. M'masiku otsatira makina anasonyeza kuti chiphala china chikuyenda pansi pa mzinda weniweniwo. Pa 27 Meyi boma linalamula kuti mbali ina ya mzinda isamuke, ndipo anthu zikwi mazanamazana anachoka. Chiphalacho chinaima pansi osatuluka, ndipo anthu anabwerera kwawo mu Juni.

Kodi alondawo analakwa? Ena mwa amene anagona panja ndi ana awo anadandaula ndithu, ndipo dandaulo lawo linali lomveka. Koma amene anabwerera kwawo atatopa anabwerera amoyo. A ku Armero sanavutike ndi ulendo uliwonse, ndipo mzinda wawo lero ndi manda.

ZIMENE MBIRIYI IKUPHUNZITSA

Kuyambira pa wotchi ya Palmieri kufikira pa masetilaiti, makina asintha kwambiri. Lero akatswiri kawirikawiri amatha kunena kuti phiri ladzuka, ndi kusonyeza zigwa zimene zili pangozi. Koma sangathe kulonjeza tsiku ndi ola, ndipo mapiri ambiri, makamaka m'maiko osauka, alibe makina okwanira kufikira tsopano.

Chipulumutso chimafuna anthu atatu. Pafunika mlonda wokhala pa phiri masiku onse, wolipidwa ndi wopatsidwa zida ngakhale pa zaka zimene phiri lili chete. Pafunika wolamula wolimba mtima, wolola kudzudzulidwa chifukwa chosamutsa anthu pachabe koposa kuwerenga mitembo. Pafunikanso anthu ophunzitsidwa kale, odziwa tanthauzo la chenjezo ndi njira yothawira. Mmodzi mwa atatuwa akasowa, ntchito ya awiri enawo imapita pachabe.

Akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Mkulu wa ku Philippines amene anauza anthu ake kuti asiye nyumba, mpunga ndi ng'ombe zawo sanakondedwe pa tsiku limene ananena mawuwo. Patapita masiku owerengeka, anthu omwewo anaima patali naona zigwa zawo zitadzaza phulusa lotentha, ana awo ali m'manja.